Tsiku Limene South Bend Yonse Inakana Anti Evelina

Mukafunsa Mmalawi aliyense wa ku South Bend kuti Anti Evelina Kamwendo amagwira ntchito yanji, akuyankhani kuti, "Aja? Amagwira ya mphepo." Mukafunsitsa kuti mphepo yake yotani, angoseka n'kuloza komwe kuli yunivesite. Ena ankayesa kuti amakonza mafani. Mayi wina wa m'kwaya anatha zaka zisanu akuwafunsa ngati mawa kugwe sinowo, poganiza kuti ndi a zanyengo. Komatu anthu inu, mayi ameneyu, wamfupi, wosakonda zoyankhulayankhula, woyenda ndi nsapato zafulati ngakhale pa ukwati, ndi mmodzi mwa anthu ochepa kwambiri amene angayang'ane mphuno ya roketi n'kukulozerani ndi chala pamene iyambire kupsa.

Anabadwira ku Balaka. Bambo awo anali kalaliki wa pasiteshoni ya sitima. Ali Sitandade 6, mu Novembala, chimphepo chinasasula denga la kalasi yawo ana ali mkati. Anzawo onse anabisala pansi pa madesiki, koma iwo anayang'ana kumwamba, ndipo anaona malata akunyamuka mowongoka ngati munthu akuvundukula poto, kenaka n'kukagwera ku bwalo la mpira. M'mawa mwake, akuphunzirira pansi pa mtengo, anakweza mkono.

"Aphunzitsi, mphepo imawomba cham'mbali. Nanga denga linapita bwanji m'mwamba?"

Aphunzitsi anati akhale pansi, anthu ali pamavuto iwo akufunsa zachibwana. Anakhaladi pansi, koma funso silinakhale. Anapita nalo ku sekondale, anapita nalo ku Poly komwe anaphunzira uinjiniya wa makina, ndipo mu Januwale 2004 anatsika nalo sitima ya ku Chicago pasiteshoni ya pabwalo la ndege ku South Bend, atavala kajuzi kopyapyala, sinowo ali mpaka m'akakolo.

Amene anawachingamira tsiku limenelo anali Bambo Alufeyo Nkhonjera. Amene sadziwa Bambo Alufeyo ndiye kuti sanakhaleko kuno. Ndi mkulu wa mpingo, amagwira ntchito yokankha odwala pa njinga za olumala m'chipatala chachikulu cha m'tauni, ndipo nambala yawo ya foni ndi imene Mmalawi aliyense amapatsidwa asanakwere ndege. Atamuona mtsikanayo akunjenjemera, anavula chikhoti chawo n'kumuveka, iwo n'kuyenda ndi shati yokha mpaka pagalimoto. Kuyambira pamenepo anali "Evelina mwana wanga."

Zaka zoyamba zinali zokoka. M'mawa ankanyamula ndi kusambitsa agogo kunyumba yosungirako okalamba, masana kalasi. Ankakhala chipinda chimodzi ndi Tusekele, mtsikana wa ku Karonga wa pakamwa posatseka, amene pano ndi nesi ku Indianapolis. Kenaka anapeza mwayi wopukuta zitsulo mu labu ya zamphepo ya payunivesite. Kupukuta kokha basi! Koma ankapukuta akufunsa, kufunsa akuwerenga, mpaka digiri yachiwiri, mpaka ya udokotala, mpaka anthu amene anawapeza mu labumo anayamba kumabwera kwa iwo ndi mapepala m'manja.

Ntchito yake ndi iyi, ndipo mumvetsere chifukwa ndi yokoma. Mu labumo muli chipaipi chachitsulo chotalika kuposa mabasi atatu. Amachitcha thanelo. Mkati mwake amaikamo kachidole ka roketi, kachitsulo, kotalika ngati mkono wa munthu. Kwa maola angapo makina amadzaza mpweya m'mathanki. Ndiyeno munthu amadina batani, mpweya wonse uja n'kuthamanga kasanu n'kamodzi kuposa liwiro la phokoso, n'kuwomba kachidoleko. Zimatha musanamalize kupuma kawiri. Maola onse aja, kungofuna kamphindi kameneko!

Chimene Anti Evelina amasaka m'kamphindiko n'chimodzi. Mpweya ukamadutsa pamphuno ya roketi umayamba mwabata, ngati madzi a pampopi mukangotsegula pang'ono. Koma penapake umavunduka, ndipo pamene wavundukirapo chitsulo chimatentha koopsa. Amapaka kachidoleko penti imene imasintha ikatenthedwa, makamera n'kujambula. Ukalakwitsa malowo ndi kachala kamodzi, roketi yeniyeni ipsa ili m'mwamba, kapena uiveka chikopa cholemera mwakuti siinyamuka bwino. Zaka khumi ndi zisanu ali pa funso limeneli. Ophunzira ankati ngakhale chidindo cha chala chako pa kachidoleko Anti amachiona ali pakhomo.

Tsono mu Febuluwale chaka chatha, kampani ina yopanga maroketi ndi mizinga, imene ili ndi maofesi kufupi ndi bwalo la mpikisano wa magalimoto la Speedway ku Indianapolis, inalengeza kuti ikufuna injiniya wamkulu wa zamphepo, woti atsogolere gulu la mainjiniya asanu ndi atatu. Maudindo otere satuluka chaka chilichonse. Amafuna munthu wa zaka zosachepera khumi ndi ziwiri pa ntchito, amene anagwirapo zitsulo ndi manja, osati pa kompyuta pokha. Anti Evelina anawerenga chilengezocho katatu. Anaapulaya. Anaitanidwa. Pa intavyu anawapatsa cholembera kuti afotokoze pabolodi za chipsepse cha mzinga chimene chinkanjenjemera, ndipo atatembenuka anapeza anthu asanu amene ankawayesa asiya kufunsa, akukopera zimene iwo alemba. Pobwerera pa msewu wa 31 anaimba nyimbo zonse za kwaya, mawu a soprano ndi a besi omwe, okhaokha m'galimoto.

Kalata inabwera: ntchito ndi yanu, koma pokhapokha boma likupatseni chilolezo choona zinsinsi zake. Kampani inati iwasungira malowo mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Chilolezo chikakanika, kapena chikachedwa kupitirira pamenepo, atenga wina.

Unzika wa Amereka anali nawo kale. Chotsala chinali fomu, chifomu cha masamba oposa zana, chofunsa paliponse pamene unagonapo, aliyense wakunja amene umayankhula naye, ndi maina a anthu okudziwa bwino amene wofufuza wa boma angakacheze nawo. Apa sanaganize kawiri. Analemba Bambo Alufeyo. Analemba Tusekele. Analemba mnansi wawo wa khomo loyandikana, Mmalawi mnzathu. Ndani angawachitire umboni kuposa amenewa?

Koma sanawauze. Sanauze munthu ndi mmodzi yemwe. Kwathu chinthu chabwino chisanatheke sitichitchula, aliyense amadziwa zimenezo. Pathupi anthu amaona okha, ulendo umamveka mwini wake atafika. Anti Evelina anati, ndidzanena zikatheka.

Lachiwiri lina mu Meyi inali sabata yoyesa mu thanelo, ndipo masiku otere mafoni onse amatsala m'maloka chifukwa amasokoneza zipangizo. Tsikulo zinthu zinayenda bwino zedi. Anawomba katatu, katatu konse zithunzi zinatuluka zoyera. Folo koloko Anti anatuluka akumwetulira, n'kutsegula loka. Foni inali yotentha. Anthu anali atawaimbira ka 53.

Uthenga woyamba wa mawu unali wa Bambo Alufeyo, wa m'ma 9 koloko, akunong'ona.

"Evelina mwana wanga, ndine. Usachite mantha. Kunabwera mzungu wa jekete lotuwa, ali ndi baji ya boma ndi kabuku. Akufunsa za iwe: unabwera liti, umacheza ndi ndani, kumudzi umapita kangati. Ine ndamuyang'ana m'maso gwa, ndati Evelina wake uti? Dzina limenelo sindinalimvepo chibadwire. Wapita. Usabwerere kunyumba kwako lero."

Anti Evelina anakhala pansi pabenchi.

Wachiwiri unali pa gulu la WhatsApp la Amalawi onse. Mawu omwewo a Bambo Alufeyo, koma tsopano a pa guwa: "Abale ndi alongo, pali munthu akuyendayenda kufunsa za mwana wathu Evelina. Yankho ndi limodzi. Sitikumudziwa." Pansi pake panali chithunzi cha kakhadi kamene mzunguyo anasiya, ndi timanja topemphera mbwee, mpaka chala kutopa kutsitsa. Mnansi uja analemba monyadira kuti iye wanena kuti nyumba yoyandikana nayo mumakhala azungu awiri ndi galu.

Musawaseke msanga anthu amenewa. Zaka ziwiri m'mbuyomo kunabweranso munthu wa baji kudzafunsa za wophunzira wina wa kwathu amene mapepala ake anali atatha. Anthu anamulandira mwaulemu, anamupatsa mpando, anayankha zonse monga tinaleredwera. Patatha sabata wophunzirayo anatengedwa pa ntchito, ndipo mabuku ake akadali m'galaja ya Bambo Alufeyo mpaka lero. Chichokereni pamenepo anthu analumbira mumtima kuti sizidzachitikanso.

Uthenga womaliza unali wa Tusekele, wa 2 koloko, akuseka mpaka kutsamwa.

"Sisi! Ndamumaliza! Wayendetsa maola awiri ndi theka mpaka kuno ku Beech Grove, m'mphepete mwa Indianapolis, mafuta ake omwe. Ine sindinakane kuti ndimakudziwa ayi, ndine wophunzira ine. Ndati eee, Evelina ndinkakhala naye, koma anabwerera ku Malawi mu 2015, pano akuweta nkhuku ku Balaka. Sisi, walemba zonse! Mpaka wandifunsa sipelo ya Balaka! Bedi ndakukonzera ku besimenti, chipinda cha pansi pa nyumba chija, ukhoza kukhala mpaka Khirisimasi. Ubwere ndi mswachi wokha."

Anti Evelina anaseka kamodzi, kuseka kouma. Anatenga nambala pa chithunzi chija n'kuimba ali pomwepo.

Wofufuzayo dzina lake anali Bambo Mervin, ndipo mawu ake anali a munthu wosafulumira.

"Mayi Kamwendo. Ndasangalala kumva kuti mulipo. Lero ndauzidwa kawiri kuti munthu wotere kulibe, ndiponso kamodzi kuti muli ndi nkhuku."

Anti anayamba kufotokoza, mawu akupunthwa okhaokha. Iye anamvetsera mpaka kumapeto, ndiyeno ananena zinthu mosazungulira. Lipoti lake litumizidwa Lachisanu masana. Likapita mmene lililimu, owerenga aona chimodzi mwa ziwiri: kaya mayiyu analemba maina a anthu osamudziwa, kaya anakhala kunja zaka zambiri osanena. Zonse ziwiri ndi bodza pa fomu ya boma, ndipo chilolezo chimathera pomwepo.

"Mawu anu sangakonze zimenezi," anatero. "Eni ake abwere okha. Lachinayi 10 koloko ndidzakhala mu ofesi ku Downtown, pakati pa tauni ya South Bend. Koma muwauze zoona: zimene ananena lero sindifufuta, ndipo kunamiza wofufuza wa boma si nkhani yaing'ono. Abwere akudziwa zimenezo."

Dzuwa likadali pamwamba, Anti anaimika galimoto pakhomo pa Bambo Alufeyo. Mkuluyo anatsegula chitseko pang'ono, anawakokera mkati, n'kutseka makatani onse.

"Wabwera bwanji ndi galimoto yako? Akanakutsata!"

Anti sanakhale pampando. Anagwada pakapeti pafupi ndi tebulo. Pogwadapo anaona kuti mpando wa alendo wayang'anizana ndi chithunzi chachikulu cha ukwati wa mwana wamkazi wa Bambo Alufeyo, ndipo pa chithunzipo, kumanja kwa mkwatibwi, pali iwo eni, akumwetulira mano onse. Ndiye kuti Bambo Mervin anamva zoti dzinalo silinamvekepo m'nyumbamo akuyang'ana nkhope imene ili pa fayilo yake.

"Bambo, munthu uja dzina lanu ndinamupatsa ndine."

Anafotokoza zonse: chilengezo, intavyu, kalata, fomu. Bambo Alufeyo anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Zayamba liti?"

"Mu Febuluwale."

"Febuluwale. Ndiye pa Isitala paja tinkadya limodzi patebulo ili, iwe ukundipatsira mchere, uli nazo m'mimba?"

"Bambo, mukudziwa mmene tinakulira. Ngakhale ulendo wobwera kuno, anzanga a ku Balaka anamva ine ndili kale m'ndege."

"Anzako a ku Balaka! Ine ndine mnzako wa ku Balaka? Ndine mfiti ine, yoti ndilodze ntchito ya mwana wanga?"

"Ayi, bambo."

"Nanga?"

Anti anayang'ana pansi. "Ndimaopa kuti akandikana, inu mukhala mutalengeza kale mu tchalitchi."

Apa Anti sananame, chifukwa mkuluyo akanalengezadi, ndi maikolofoni.

"Komanso bambo, tsiku limene ndinalumbira unzika inu munalipo. Munabwera ndi mbendera ziwiri. A imigireshoni akanandifuna chifukwa chiyani?"

"Masiku ano ndani akudziwa? Munthu wa baji ndi wa baji." Anapukusa mutu. "Mizinga yake ndi yomwe ija timaiona pa nkhani, ikugwetsa nyumba za anthu?"

"Sindikunamizani. Kampaniyo imapanga zonyamula masetilaiti, imapanganso zankhondo. Gulu limene akufuna ndilitsogolere ndi la mizinga yogwetsa mizinga inzake isanafike pa anthu. Koma kampani ndi imodzi. Ndalimbana nazo mumtima miyezi yonseyi, ndipo ndasankha."

"Hmm. Nkhani imeneyo ine sindinaimeze. Koma wamkulu ndiwe." Anapukuta magalasi awo ndi nsonga ya shati. "Ndiye ukufuna chiyani kwa ine?"

"Mupite Lachinayi mukamuuze kuti munanama."

Bambo Alufeyo anaseka mopanda chimwemwe. "Zaka makumi atatu ndi chimodzi m'dziko muno, tikiti ya pamsewu ndilibe ndi imodzi yomwe. Ndikaona galimoto ya polisi ndimavula chipewa ndili ndekha. Lero ndipite ndi miyendo yanga kukauza boma la Amereka kuti ndalinamiza? Akanditsekera?"

"Sindingakulonjezeni kanthu, bambo. Iye wati si nkhani yaing'ono."

"Dzuka pamenepo, maondo apweteka. Pita kwanu. Ndiganize."

Lachitatu lonse foni ya Bambo Alufeyo inali chete. Pa gulu panalibe ndi kachala komwe. Tusekele yekha anaimba, kuseka kutatheratu: "Sisi, ndakuphera ntchito ndi nkhuku zanga. Ine ndibwera, kaya andimange." Koma Tusekele yekha sakanakwanira. Munthu amene dzina lake linali pamwamba pa fomu, amene anawadziwa zaka makumi awiri, anali mkulu uja. Anti analowa mu thanelo monga mwa masiku onse, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambireni ntchito anaiwala kuyatsa kamera imodzi. Mpweya wa maola angapo unapita pachabe. Ophunzira anayang'anana.

Lachinayi, hafu pasiti naini, anali ataima kale kutsogolo kwa nyumba ya maofesi ku Downtown. Mabasi ankadutsa. Kota tu teni, palibe munthu. Anayang'ana foni, anaibweza m'thumba, anaitulutsanso. Kutatsala mphindi zisanu, pakona panatulukira galimoto yakale ya Bambo Alufeyo, ikuyenda pang'onopang'ono ngati ya maliro. Kumbuyo kwake ina. Kumbuyo kwa imeneyo inanso. Anthu inu, magalimoto asanu ndi awiri!

Anatsika manesi ali m'mayunifolomu, atangoweruka kumene. Anatsika a kwaya. Anatsika mnansi uja wa azungu awiri ndi galu, nkhope ili pansi. Tusekele, amene ananyamuka ku Beech Grove kusanache bwino, anatsika atakumbatira maalubamu anayi a zithunzi. Wina ananyamula buku la maina a kwaya kuyambira 2004. Onse pamodzi anali anthu makumi awiri ndi atatu. Patsogolo pawo Bambo Alufeyo, mu suti ya pa ukwati ija, m'manja muli kachikwama kakang'ono.

"Bambo, m'kachikwamamo muli chiyani?"

"Mswachi, mankhwala a BP, ndi Baibulo. Ngati sindituluka, kiyi wa galimoto ndawapatsa akazi angawa, amayi ako."

Anti Evelina anawagwira mkono n'kulowa nawo m'nyumbamo.

Bambo Mervin atatsegula chitseko cha ofesi yake n'kuona khonde lonse ladzaza, anaima kakasi, kapu ya khofi ili m'manja.

"Ndimayembekezera anthu atatu."

"Atatuwo ali momwemu," anatero Bambo Alufeyo m'Chingerezi chawo cha pa guwa. "Kwathu munthu akakhala ndi mlandu sapita yekha. Ndipo wolakwa wamkulu ndine. Enawa ndinawalamula."

Lamulo ndi loti wofufuza acheze ndi munthu mmodzi pa nthawi, chitseko chotseka. Koma chitseko cha ofesi yaboma sichinapangidwe poganizira mawu a Bambo Alufeyo. Anti Evelina, atakhala pa mpando wapulasitiki m'khondemo, ankamva zonse, ndipo ena onse ankamvanso, ali phee ngati pa ulaliki.

Mkuluyo anayamba ndi kupepesa. Ananena za wophunzira uja ndi mabuku a m'galaja. Anati, "Bwana, ndinakuonani ndi baji, mtima wanga unaona tsiku lija. Ndinanama. Lembani kuti Alufeyo Nkhonjera ananama Lachiwiri, ndipo Lachinayi wabwera yekha." Ndiyeno anafunsidwa kuti anamudziwa liti Evelina Kamwendo, ndipo apa mpamene Bambo Mervin anadziwa chimene anaputa. Anayambira pa kajuzi kopyapyala. Anadutsa pa galimoto yoyamba imene Anti anaigunditsa ku chipilala cha tchalitchi. Anatchula nyumba zonse zinayi zimene anakhalamo, ndi amene ananyamula firiji pa kusamuka kulikonse. Atafunsidwa ngati mayiyu ali ndi khalidwe lililonse lodetsa nkhawa, anati, "Lilipo. Ndi wouma mutu, ndipo pa msonkhano wa mpingo amakonza masamu a msungichuma pagulu." M'khonde anthu anagwira pakamwa.

Patatha ola ndi theka kunamveka funso lina, motsitsa.

"Mukuganiza kuti angasunge chinsinsi?"

"Bwana!" Tebulo linalira, ndiye kuti analimenya. "Mwana ameneyu ndinamuveka chikhoti changa ine n'kuyenda m'sinowo ndi shati. Miyezi itatu wakhala ndi nkhani yaikulu chonchi, akudya m'nyumba mwanga, osandiuza ngakhale kachidutswa. Ine! Ngati wabisira ine, adani anuwo aiwale."

Kunamveka phokoso lachilendo. Anali Bambo Mervin, akuseka.

Tusekele analowa wachiwiri, ndipo asanakhale pansi anati, "Bwana, nkhuku zija kulibe." Anatsegula maalubamu n'kuyamba kuloza: uyu ndi Evelina 2015 pa phwando langa la shawa, uyu 2016 ku Michigan, uyu 2017 atanenepa. Mnansi analowa wachitatu, anatuluka thukuta lili kamukamu. Ena makumi awiri aja sanafunsidwe kanthu, koma sanachoke mpaka 2 koloko.

Pomaliza Bambo Mervin anatuluka ndi kabuku kake katatsala masamba awiri. Anagwira chanza Bambo Alufeyo n'kuwauza kuti atenge kachikwama kawo azipita kunyumba. Kenaka anatembenukira kwa Anti Evelina.

"Ndilemba zonse, za Lachiwiri ndi za lero, ndi chifukwa chake. Ogamula si ine. Angatenge masabata, angatenge miyezi. Zaka zanga zonse pa ntchito ino anthu amandinamiza kuti amadziwa munthu. Oti sakumudziwa, ndi oyamba awa."

Juni anadutsa. Julayi anadutsa. Tsopano popeza aliyense ankadziwa, kudikira kunali kwa tauni yonse. Anti akalowa m'sitolo ya zakudya za ku Africa, wogulitsa ankangokweza zikope, iwo n'kupukusa mutu. A kampani anaimba kamodzi kukumbutsa mwaulemu za kumapeto kwa Ogasiti. Tusekele anasiya nthabwala za nkhuku. Bambo Alufeyo anaonda, kolala ya shati inayamba kuwakulira, chifukwa ankadziwa kuti chilolezo chikakanika, pa pepala lokanalo padzakhala mawu awo.

Pa 19 Ogasiti, 11 koloko m'mawa, Anti ali pa desiki kuyang'ana zithunzi za mu thanelo, imelo inagwa. Anawerenga mzere woyamba wokha. Sanafike wachiwiri. Anaimba.

Bambo Alufeyo anali pa ntchito, akukankha gogo wina wachizungu pa njinga kupita naye kojambula mafupa.

"Bambo, chabwera."

"Chabwera chotani? Yankhula bwino, mtima wanga si wa mnyamata!"

"Andipatsa."

"Werenga! Werenga mmene alembera!"

Anti anawerenga.

"Werenganso, ndaika pa sipika!"

Anawerenganso, ndipo kumbali inayo kunamveka mfuu umene manesi a pa fuloo yachitatu amaukambabe. Gogo wa pa njinga uja, wosadziwa Evelina, wosadziwa Balaka, anayamba kuwomba m'manja. Kenaka mawu a mkuluyo anabwerera pafupi ndi foni, akupuma mwabefu.

"Mwana wanga, tsopano ndikufunsa kaye. Ndilengeze?"

"Lengezani, bambo."

Pa gulu panaphulika. Ndipo madzulo a tsiku lomwelo Bambo Alufeyo anaikapo lamulo latsopano: munthu wa baji akabwera, mupatseni mpando, muuzeni kuti simuyankha lero, ndipo muimbireni mwini nkhani mpaka ayankhe. Kunama ayi. Anawonjezeranso kuti aliyense wolemba dzina la mnzake pa fomu ya boma osamuuza, adzatsuka mbale za mpingo chaka chathunthu.

Anasamuka sabata yoyamba ya Sepitembala, kupita ku kanyumba ka njerwa ku Speedway, komwe masiku ena magalimoto a mpikisano akamayesedwa mawindo amanjenjemera. Tusekele, amene tsopano ali pa mtunda wa mphindi makumi awiri ndi zisanu, anabwera kudzapachika makatani, onse mokhota.

Lolemba m'mawa Anti Evelina, wa zaka makumi anayi ndi zinayi, anaimika galimoto pamalo olembedwa dzina lawo. Mlonda anayang'ana baji, anayang'ana nkhope, n'kunena kuti, "Dokotala Kamwendo, gulu lanu likukudikirani m'chipinda chachiwiri." Zimene zimachitika kuseri kwa chitseko chimenecho palibe wa ife akudziwa, ndipo lamulo siliwalola kunena. Anawerama n'kugunditsa baji ya pakhosi pa kabokosi ka pakhoma. Kanalira kuti tii, nyale yobiriwira inayaka, ndipo Anti Evelina anakankha chitsekocho ndi phewa, chifukwa manja onse awiri anali atadzaza mabuku.